Nthochi Zotchera Apusi ku Soche

Panali munthu wina ku Soche, a Yona, amene kwa zaka zambiri ankayendetsa lole pa holoselo ya a Mehul ku Limbe. Atapuma pa ntchito, abwana awowo anawapatsa mbande za buluberi, timitengo tobereka tizipatso tabuluu tija timapezeka m'masitolo akuluakulu. Anawalangiza kuti azitchingire ndi waya wa nkhuku, pamwamba aphimbe ndi neti, ndipo nsabwe za m'masamba azizitsuka ndi madzi a sopo. Za poizoni anawaletsa, poti amakhala pakati pa anthu.

A Yona anavomera ndi pakamwa pokha. Kumanga waya anakuona ngati chintchito. Posakhalitsa apusi a m'phiri la Soche anayamba kutsika, kumathyola nsonga zanthete ndi kuzula mbande zina. Mbalame nazo zinkajompha maluwa.

Tsiku lina akudikira minibasi pa Ginnery Corner, anakumana ndi munthu wogulitsa mankhwala a makoswe. Atamudandaulira, munthuyo anatulutsa kabotolo ka ufa kopanda dzina.

"Madala, mungowaza pa nthochi basi. Pusi mmodzi akalawa, anzake sadzapondanso pakhomo panu."

Akazi awo, a Sellina, atakaona anakana kwamtuwagalu, nati akakataye m'chimbudzi chifukwa ana a m'deralo amakwera mpanda tsiku ndi tsiku. A Yona anangoti amva. Mayiwo atapita ku kwaya, iwo anaboola nthochi zakupsa, nathiramo ufawo, n'kuzindandalika pamwamba pa mpanda.

Masana omwewo, a Sellina atangobwerako, kunamveka kulira kwa aneba. Thandi, mwana wa a Constance, anali kusanza, thovu lili kukamwa. A Yona anasuzumira pampanda, naona kuti nthochi imodzi palibe. Anachotsa zotsalazo msangamsanga, kabotolo n'kukaponya m'thumba la jekete kuti akakataye kutali.

Poti panalibe wina wodziwa kuyendetsa, iwo ndiwo anayendetsa galimoto ya mlamu wa a Constance kupita kuchipatala. Njira yonse mayiyo ankafunsa kuti mwana wake wadya chiyani. A Yona maso anali pamsewu, pakamwa potseka.

Kuchipatala dokotala anafunsanso zomwezo, nati popanda kudziwa chimene mwanayo wadya akhala akungoyerekeza, pomwe nthawi ikutha. Onse anangoyang'anana. A Sellina, amene anabwera nawo, anaona kuti amuna awo akutuluka thukuta ndipo dzanja silikuchoka pa jekete.

"A Yona, tulutsani zili m'thumbamo," anatero motsitsa mawu.

A Yona anatulutsa kabotoloko, nafotokoza zonse pamaso pa anamwino ndi odwala amene anali pamzere. Dokotala ataununkhiza ndi kuuyang'ana ufawo, anadziwa kothamangira. Thandi anagonekedwa masiku angapo, koma anachira.

A Constance sanakuwe, sanatukwane, ndipo kupolisi sanapite. Tsiku lotuluka m'chipatala anaima pageti pa a Yona, mwana ali kumsana.

"Za nthochi ndikanamvetsa, bambo, munthu amalakwitsa. Koma munali nafe m'galimoto njira yonse, ine ndikufunsa."

A Yona chipewa anachigwira m'manja, maso pansi, mpaka mayiyo atalowa kwawo.

Nkhani inamveka Soche yense. Kutchalitchi anasiya okha udindo wawo wolandira alendo, ndipo popita kumsika amazungulira njira yakumtunda kuti asadutse pakhomo pa a Constance. Koma Thandi sadziwa chilichonse. Akawaona kuseri kwa mpanda amakuwabe kuti, "Agogo, mwaswera bwanji?" Iwo amayankha nkhope atayang'ana kumbali.

Phunziro: Mbewu zanu tchingirani ndi waya ndi neti, osati ndi poizoni wogula kwa munthu amene simukumudziwa, chifukwa msampha susankha womukola. Ndipo mukalakwa nenani msanga, manyazi asakutsekeni pakamwa moyo wa munthu uli pachiswe. Tumizirani nkhaniyi abale ndi aneba anu onse amene ali ndi kadimba pakhomo.