Botolo la pa Ukonde wa Jonasi

Nyanja ya Chilwa itaphwa, Fainess ankayenda pamatope ong'aluka, kutola mabotolo okagulitsiramo thobwa.

Botolo lina linakana kuzuka. Atakumba ndi zala, anapeza pakhosi pake pali chingwe ndi kansanza kobiriwira. Kanali ka chitenje chake. Mwamuna wake Jonasi ankamangirira tinsanza timeneti pa mabotolo oyandamitsa ukonde, kuti asodzi anzake azidziwa mwini wake. Tsiku lomwe anapita nawo komaliza, kunabwerera bwato lokha.

"Mwapeza chiyani, a Fainess?" anafuula Bertha, mnzake wotola naye.

"Botolo basi. Tsogolani, ndikupezani."

Anadikira mpaka Bertha atafika patali. Kenako anagwada, n'kuyamba kutsatira chingwe chija komwe chinkalowera m'matope.