Kaswichi ka M'galaja

Kaswichi kodula magetsi pakakhala vuto kanagwanso kokha kuti thapu, hita ya m'kalavani n'kuzima. Zangaphee anatukwana chamumtima. Mawa lake apongozi ake ankafika kuchokera ku Malawi, ndipo pogona pawo panali m'kanyumba kokoka ndi galimotoka, m'chisanu cha ku Easterhouse, ku Scotland.

Anatulutsa kawaya m'thumba. Kwawo ku Ndirande swichi ikamavuta ankangoilambalala ndi waya, magetsi n'kuyaka.

"Ndiyese komaliza," anatero, n'kukankhira m'mwamba kaswichi ka m'galaja, pomwe chingwe cha kalavani chimatengera magetsi.

Thapu! Panja mkazi wake anakuwa.

Anamupeza Vainess ataima m'chithaphwi cha mvula, kumapazi masilipasi okha, chingwe chili m'manja. Ankafuna kuchichotsa m'madzi. Pomwe anagwirapo chinali chong'ambika, mkuwa uli pamtunda.

"Bambo a Tawina, chandigwedeza mpaka m'mano," anatero Vainess. "Kenako changondisiya. Mwathimitsa ndinu?"

Zangaphee anacheukira m'galaja. Kaswichi kaja kanali phee, kakang'ono ngati chala cha khanda. Anayang'ana kawaya kamene kanali kadakali m'dzanja lake.

"Si ine ayi," ananong'ona.