Mphepo Italeka

"Taonani manja a aphunzitsi, akunjenjemera ngati masamba enieni!" ananong'ona Natsuko, wophunzira wawo.

Pakati pa nsungwi, aphunzitsiwo, a Tsuneo, ankavina thupi lonse atalipaka zoyera, popanda ng'oma, kungotsatira mphepo.

Akazi awo, a Fumie, amene anaima pambali pa Natsuko, anayang'anitsitsa manjawo. Chiyambireni chaka chimenecho ndi iwo ankawagwirira amuna awo kapu ya tiyi pakamwa, ndipo mkuluyo ankavomera kuvina pokhapokha kunja kukuwomba mphepo.

Mwadzidzidzi mphepo inaleka. Nsungwi zinangoti zii, koma manja aja sanaleke. A Tsuneo anayang'ana akazi awo mwamantha.

"Koma ndiye luso!" anatero Natsuko akuwomba m'manja. "Akumva mphepo imene ife sitikuimva."

"Ee, mwanangu," anatero a Fumie. "Imeneyo imawomba ndi m'nyumba momwe."