Thadzi Limene Linatsala

Dokotala wa ziweto atang'amba nkhuku yachitatu, anaika mpeni pansi. Chiwindi chinali chodzaza zotupa zoyera. Anatembenukira kwa bambo wosamalira makola a kafukufuku, amene anabwera nazo m'thumba.

"Mwati zachokera kwa mlongo wanu?"

"Eya, adokotala. Zikumapuwala miyendo, kenako n'kufa. Anali nazo mazana atatu."

"Ndi khansa ya nkhuku imene tikufufuza kunoyi. Koma ukali woterewu ndimauona ndi kachilombo kathu kokha, kamene timabaya nkhuku za m'khola lotseka. Kamayenda ndi fumbi la nthenga. Katuluka bwanji muno?"

Bamboyo anazolika. Miyezi iwiri yapitayo anauzidwa kuti aphe ndi kutentha nkhuku zonse za m'kholamo. Thadzi lina lolandira katemera linali lonenepa, lopanda chilema. Anaona kuti n'kuwononga, ndiye analibisa m'jekete n'kukapatsa mlongo wake wamasiye, amene ankalera ana anayi ndi nkhuku basi.

"Kodi ya katemera ingapatsire zinzake?" anafunsa chapansipansi.

"Kwambiri. Iyoyo siidwala, koma imamwaza matenda kulikonse ikupita."

Ataweruka, bamboyo anakapeza mlongo wake akukwirira zomaliza kuseri kwa khola, maso ali psuu.

"Achimwene, zatha zonse," mayiyo anatero. "Latsala thadzi lanu lija lokha. Mulungu akudalitseni, pakanapanda inu ndikanayambira pati? Ndakalisungitsa kwa mnzanga wina woweta nkhuku, kuopa kuti lingatenge matenda kuno."