Indiketa kumanzere, galimoto kumanja

Panali munthu wina, bambo wa ana anayi, amene ananamizira mng'ono wake kuti ndi wakuba. Mwini wakeyo ndi amene wapempha kuti nkhaniyi ifotokozedwe osabisa kanthu.

Bamboyu anali ndi galimoto yakale, yosiya malemu bambo ake. Tsiku lina jeke ya galimotoyo inasowa, ndipo iye, pamaso pa abale onse, analoza chala mng'ono wake, amene ntchito yake ndi yokonza zamagetsi m'magalimoto. Patapita nthawi jekeyo inabwera ndi mnzake wina amene iye mwini anamubwereketsa n'kuiwala. Koma kupepesa kunamulemera. Anangoibisa pansi pa mpando, zaka n'kumapita, anthu obadwa bere limodzi osapatsana ngakhale moni.

Kenako switchi ya indiketa inafa. Kamtengo kaja ka pambali pa chiwongolero kanangoti lende, ukakakankha osayatsa kanthu. Anayenda masiku ambiri akutulutsa mkono pawindo ngati wapolisi wa pamsewu, mpaka mvula itamunyowetsa anaganiza zosintha.

"Bwanji osaitana alamu anga?" anafunsa mkazi wake. "Si ntchito yawo imeneyi?"

"Mayi, timawaya tomweti ndiitanire munthu? Ine si mwana."

Anakagula switchi yogwirapo kale ntchito kwa ogulitsa zitsulo za magalimoto akufa. Wogulitsayo anamuchenjeza.

"Akulu, iyi ndi ya mtundu wina, pulagi yake isiyana ndi yanu. Mukalumikiza, wina akaime kumbuyo akuuzeni mbali imene ikuyaka."

"Ndamva," anatero, koma mawuwo analowa khutu ili n'kutulukira linalo.

Loweruka m'mawa anachotsa waya wa batire, anamasula masikulu a chivindikiro cha pansi pa chiwongolero, n'kusolola switchi yakufayo. Pulagi ya yatsopano inakanadi kulowa. Anatenga mpeni n'kudula mawaya, ndipo poti mitundu yake inasiyana, anangolumikiza mongoganizira n'kukulunga ndi tepi. Atabwezeretsa batire anakankha kamtengo kaja. Thi, thi, thi! Kanyale kobiriwira ka kutsogolo kwa dalaivala kanayamba kuphethira. Tsono galimoto yakaleyi ili ndi kanyale kamodzi kokha ka mbali zonse ziwiri. Sikanena ngati kunjako kwayaka kumanja kapena kumanzere.

"Ndiime kumbuyo ndikuonereni?" anatero mkazi wake.

"Simukumva ikulira? Kwerani tizipita, musandiphunzitse ntchito."

Chimene sanadziwe n'chakuti mayiwo, ataona mpeni ukudula mawaya, anali ataimbira kale foni mlamu wawo. Mng'onoyo anafika pa njinga yamoto galimoto ikutuluka pageti, ndipo anailondola. Pokhota poyamba pomwe anaona vuto: nyale ikuti kumanzere, galimoto ikupita kumanja. Analiza hutala, akukupiza dzanja kuti aime.

Mkuluyo anamuona pagalasi, mtima n'kuwira, n'kukalipira mkazi wake.

"Mwamuitana ndinu eti? Anditsatire mpaka mafuta amuthere."

Anaponda moto. Kutsogolo, mu msewu waukulu, panali mphambano imene anayenera kukhotera kumanja. Kumbuyo kunkabwera lole yodzaza simenti. Bamboyo anakankha kamtengo kake kolozera kumanja, koma kunja kunayaka nyale ya kumanzere. Dalaivala wa lole, poona zimenezo, anapatukira kumanja kuti awapitirire, osachepetsa liwiro n'komwe.

Mng'ono uja anaona imfa ikubwera. Anathamangitsa njinga n'kudzilowetsa pakati pa lole ndi galimoto, akumenya chitseko cha mkulu wake ndi chikhatho.

"Achimwene, musakhote!"

Bamboyo anaponda buleki mwadzidzidzi. Lole inadutsa ngati mphepo, n'kuthyola galasi la pambali la njinga. Mng'onoyo anagwera pa chitseko, kenako pa phula.

Lole inakaima kutsogolo, dalaivala wake n'kubwera akulalata.

"Madala, mwatopa nawo moyo? Mukulozera kumanzere n'kumakhotera kumanja?"

"Ine ndayatsa ya kumanja!"

"Tsikani muone ndi maso anu!"

Bamboyo anatsika. Nyale ya kumanzere inali ikuphethirabe, osachita manyazi. Anayang'ana mkazi wake ali pa mpando, kenako anayang'ana matayala a lole ija.

Mng'onoyo anali atakhala m'mbali mwa msewu, chigongono chikuchucha magazi, thalauza itang'ambika pabondo. Funso lake loyamba linali lakuti, "Alamu, simunavulale?" Kenako anatembenukira kwa mkulu wake.

"Mwasemphanitsa mawaya awiri basi. Mukanandiitana, achimwene. Sindikanakuberani ngakhale tepi."

Anapempha mpeni, ndipo ndi dzanja lomwe lija la magazi anamasula tepi n'kusinthanitsa mawayawo. Anauza mkulu wake kuti akaime kumbuyo azinena mbali imene yayaka. Mkuluyo anapita ngati mwana wotumidwa. Ananena kumanja, ananena kumanzere. Anagwada pomwepo pa phula, dalaivala wa lole ndi anthu odutsa akuonerera.

"Mphwanga, jeke ija sunabe. Ndinabwereketsa ndekha, ndipo zaka zonsezi ndakhala ndikudziwa. Ndinakuipitsira dzina, koma lero waika moyo wako pansi pa lole chifukwa cha ine ndi mayi a ana anga. Zikomo. Ndinalakwa, ndikhululukire."

Phunziro: Wokhala pa chiwongolero saona nyale zake za kumbuyo, amafunika wina womuuza zoona. Mukakonza indiketa nokha, musadalire kulira kwake, wina aime panja akuonereni mbali zonse musanalowe mu msewu. Ndipo ngati pali m'bale amene munamulakwira, musadikire lole kuti ikutseguleni pakamwa. Tumizirani ena uthengawu, makamaka achimwene aja amene safuna kufunsa.