Khadi Lofiira la Amon

Panali patatsala mphindi makumi awiri kuti mpira uthe, koma malaya akuda a Manasseh Nyirenda anali asananyowe ndi thukuta. Ankayenda pakati pa bwalo la ku Kapichila ngati mwini munda, wezulo ali pakamwa, masokosi ofika m'mawondo. Mkati mwa sabata anali mphunzitsi wa giredi 7. Loweruka anali woimbira mpira.

Chaka cha 1995 chinali chachisanu ndi chimodzi akuimbira pabwalo limeneli, ndipo panalibe amene anamukhudzapo ngakhale ndi chala. Anzake oimbira kumidzi ina ankabwerera kwawo milomo itatupa, malaya ali nsanza. Iye ankawaseka. Ankati munthu ukadziwa malamulo n'kuima nawo nji, anthu amakuopa okha.

Chomunyansa pabwalopo chinali chimodzi: Amon, nambala 5 wa Kapichila. Anali chimunthu chonyamula mabelo a fodya pafamu, khosi ngati la ng'ombe yapangolo. Mpira sankaudziwa n'komwe. Ukadzera kumanja, iye ankalowera kumanzere. Akati waupeza, unkakagwera m'dimba la eni. Chimene ankatha ndi kuima, kutuzulira anthu maso, ndi kugunda mnzake ndi phewa mpaka kumusiya akulavula fumbi. Makhadi achikasu amene Manasseh anamuonetsa akanakwana kufolera khola la nkhuku.

Kawiri konse Manasseh anauza Misheck, wapampando wa timuyo, kuti achotse chinyamacho, mpira si nkhonya. Misheck ankangodzikanda m'mutu. "Tizaona, asambizgi," ankatero, kumutchula monga amatchulira aphunzitsi kumeneko. Manasseh ankachoka akupukusa mutu. Anthu osapita kusukulu, ankaganiza choncho, amayesa thupi lalikulu ndiye luso.

Tsikuli Kapichila inkasewera ndi Mphamba, ndipo wopambana ankapita ku boma kukalimbirana chikho. Mphamba inkatsogola ndi chigoli chimodzi. Anthu anali atazungulira bwalo lonse, ena atakwera m'mitengo ya mango. Kuseri kwa golo kunali gulu la amuna amene anayamba kachasu dzuwa lisanafike pamutu.

Kenaka Saimoni, mnyamata wothamanga wa Kapichila, analandira mpira kutsogolo, napyoza awiri, n'kuuponya muukonde. Bwalo linaphulika. Amayi analulutira, ena anagubuduka pansi.

Manasseh analiza wezulo, nakweza dzanja. Ofusayidi. Chigoli palibe.

Nthungululu zinasanduka matemberero. Iye sanatekeseke. Anatembenuka mwaulemerero, nayamba kuyenda kukaloza pamene mpira uikidwe. Asanaponde kachitatu anamva chinthu chikugwa kumbuyo kwake, khu! ngati thumba la chimanga lagwa pangolo.

Atacheuka anapeza Saimoni ali chagada, akufunafuna mpweya. Pamwamba pake panaima Amon.

Manasseh anaseka chamumtima. Chitsirucho chinali chitafika pogwetsa mnzake wa timu imodzi, wovala jezi yofanana ndi yake! Anapisa m'thumba, natulutsa khadi lofiira, nalikweza pamwamba kuti ngakhale a m'mitengo alione.

"Asambizgi, mvelani kaye," anatero Amon ndi mawu otsika.

"Ndimve chiyani kwa iwe? Zaka zonsezi ukuipitsa bwalo lino. Tuluka."

Amon anapita kukaima pamzere, pafupi ndi amuna a kachasu aja, manja atapinda pachifuwa. Zimenezo Manasseh sanakhutire nazo. Anatola mpira, naukhalira.

"Sitiyamba mpaka munthu uyu atachokeratu pano. Apite kwawo."

Misheck anabwera akuthamanga, chipewa chili m'manja, nayamba kuchonderera. "Asambizgi, napapata, mulekeni aimilile apo chabe. Sazalowa."

"Malamulo ndikuwadziwa ndine, a Misheck, osati inu. Achoke, apo ayi mpira wathera pomwepa."

Amon anavula jezi, naipereka kwa Misheck, n'kulowa njira ya kufamu. Manasseh anadikira mpaka msana waukuluwo utazimirira kuseri kwa zigafa za fodya, ndipo pamenepo ndi pamene analiza wezulo. Mumtima munali mbee. Lolemba akalemba kalata kwa akuluakulu a ligi, chinyamacho chisadzapondenso pabwalo.

Mphindi zotsalazo zinatha popanda chigoli china. Mphamba inapambana. Osewera ake sanasangalale n'komwe. Anathamangira pa thirakitala imene inawabweretsa, dalaivala atailiza kale.

Manasseh anaika wezulo m'thumba, napukuta fumbi pansapato, nalunjika kumtengo kumene anatsamiritsa njinga yake. Anayembekeza kuti anthu apatuka monga mwa masiku onse, koma palibe anasuntha. Amuna a kuseri kwa golo ankabwera pang'onopang'ono, Saimoni ali patsogolo. Manasseh anakwinya nkhope, nakonza kukhosi kuti awakumbutse za mwambo.

Misheck anamugwira mkono mwamphamvu. "Isiyeni njinga. Pitilani kuseli kwa chalichi, thamangani."

"Ndithawe? Ine? Anthu awa amandidziwa. Zaka zisanu ndi chimodzi palibe anandikhudzapo."

"Paja pamene Amon anamugwetsa, Saimoni anali kubwela kumbuyo kwanu na mwala ku manja," anatero Misheck mwaphuma. "Muganiza ife sitiona kuti Amon saziba bola? Tinamulemba mu timu kuti azilonda imwe, asambizgi. Ndiye mwamupitikitsa."