Bizinesi ya Dayilekita

"Katundu wa bizinesi yanu ali kuti, mayi?" anafunsa mkulu wa zamisonkho ali pakhomo.

"Funsani Dayilekitayo," anatero mayi, akuloza mwana wawo amene anali khale pasofa.

Chimwana chandevucho chinkagulitsa nsapato pafoni. Kasitomala akalipira, fakitale yakunja inkamutumizira yokha nsapatozo, chimwanacho osazigwira n'komwe. Msonkho sichinaperekepo, koma bizinesiyo chinalembetsa m'dzina la mayi ake, ati kuwalemekeza.

"Ngati katunduyo palibe, ndiye tilanda zomwe zilipo," anatero mkuluyo, maso ali pa makina osokera amene ankadyetsa nyumba yonse.

Dayilekita anatsokomola. "Musadandaule amayi, ndikupezerani ena otchipa pa intaneti."

Mayi anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Dzuka uwanyamulire makinawo. Ugwireko katundu kamodzi m'moyo wako."